Mafunso a Awerengi: Kodi mkangano wa ku Northern Ireland ndi wa chipembedzo?

Mwezi uno talandira makalata atatu ochokera ku Zomba ofunsa za dziko limodzi, choncho tawayankhira pamodzi.

FUNSO: Akonzi, ine ndine Mkatolika ndipo mayi akunyumba ndi a CCAP. Lamulungu timanyamukira limodzi n'kukasiyana panjira, aliyense kutchalitchi kwake, ndipo pa zaka zonse zimene takhala m'banja sitinakanganepo chifukwa cha mpingo. Ndinamva pa wailesi kuti ku Northern Ireland Akatolika ndi Apulotesitanti anaphana kwa zaka 30, ndiponso kuti pali makoma owalekanitsa mpaka lero. Kodi ndi chiphunzitso chanji chimene chinawadanitsa chotere? Bambo wa ku Chinamwali.

YANKHO: Bambo, zimene munamvazo ndi zoona. Kuyambira mu 1969 mpaka mu 1998 anthu oposa 3,500 anaphedwa m'dera la anthu osakwana 2 miliyoni, ndipo mumzinda wa Belfast makomawo akadalipo, monga limene limalekanitsa Falls Road, kumene kumakhala Akatolika, ndi Shankill Road, kwa Apulotesitanti. Zipata zina za makomawa zimatsekedwabe usiku. Komabe mukafufuza chimene anthuwa ankamenyera, mupeza kuti sanali kulimbirana za ubatizo kapena Misa. Funso lawo linali lakuti deralo likhale pansi pa boma liti: ena, otchedwa ma nationalist, amafuna kuti chilumba chonse cha Ireland chikhale dziko limodzi, pamene ena, otchedwa ma unionist, amafuna kukhalabe mu United Kingdom. Dzina la mpingo kumeneko limagwira ntchito ngati mfunda kuno kwathu, pakuti limaulula kumene makolo a munthu anachokera ngakhale mwiniwakeyo atakhala kuti sapemphera n'komwe.

Gwero lake ndi nthaka. Kuyambira mu 1609, mu ulamuliro wa Mfumu James I, minda ya m'chigawo cha Ulster kumpoto kwa chilumbacho inalandidwa kwa mafumu a eni dziko, amene anali Akatolika olankhula Chiairishi, n'kuperekedwa kwa obwera ochokera ku Scotland ndi ku England, amene anali Apulotesitanti. Ambiri mwa ochokera ku Scotland anali Apresibateriya, chimodzimodzi amishoni amene anabzala mpingo wa mayi akunyumba kwanu ku Blantyre ndi ku Domasi. Aliyense amene agogo ake anamusimbira za thangata m'minda ya atsamunda akudziwa kuti mkwiyo wolandidwa munda umapatsirana kuchokera kwa kholo kupita kwa mwana. Obwerawo nawonso anali ndi mantha awo, poti anali ochepa pachilumbapo, ndipo n'chifukwa chake pa 12 July chaka chilichonse a gulu la Apulotesitanti la Orange Order amaguba ndi ng'oma pokumbukira kuti mu 1690 Mfumu William ya Chipulotesitanti inagonjetsa Mfumu James II ya Chikatolika pa mtsinje wa Boyne. Kwa iwo ndi tsiku la chipulumutso, koma ligubolo likamadutsa pakhomo pa Mkatolika, iye amaliona ngati chipongwe.

Mu 1921 chilumbacho chinagawidwa. Maboma 26 anatenga njira yodzilamulira, ndipo lero ndiwo Republic of Ireland, pamene maboma 6 a kumpoto chakum'mawa anatsala ndi Britain n'kukhala Northern Ireland, malire ake atajambulidwa mwadala kuti Apulotesitanti akhale ochuluka. Chipani chimodzi cha ma unionist chinalamulira Nyumba ya Malamulo ya Northern Ireland, ya ku Stormont, kwa zaka 50, ndipo Akatolika ankasalidwa pa ntchito ndi pa nyumba za khonsolo. Nkhani ya nyumbayi inali ndi ndale mkati mwake, chifukwa pa zisankho za makhonsolo ankavota ndi mwini khomo ndi mkazi wake okha, kotero kuti kum'mana munthu nyumba kunali kum'mananso voti. Mumzinda wa Derry Akatolika anali ambiri, koma malire a mawodi anakonzedwa moti khonsolo inkakhalabe m'manja mwa ma unionist. Ngakhale dzina la mzindawo ndi mlandu, poti ena amati Derry, ena Londonderry, ndipo munthu amadziwika mbali yake akangolitchula.

Anthu atayamba zionetsero zofuna ufulu wofanana mu 1968, apolisi anawamenya, ndipo chaka chotsatira asilikali a Britain anatumizidwa m'misewu. Pa 30 January 1972 asilikaliwo anawombera anthu opanda zida ku Derry, 13 n'kufera pomwepo, ndipo panapita zaka 38 kuti nduna yaikulu ya Britain David Cameron ipepese. Pamenepa ndiyenera kunena mosapsatira kuti gulu la zida la IRA, la mbali ya ma nationalist, limene linkati likumenyera ufulu, ndilo linapha anthu ambiri kuposa gulu lina lililonse. Mu November 1987 bomba lake linapha anthu 11 ku Enniskillen pamene ankasonkhana pa mwambo wokumbukira asilikali omwe anafa pa nkhondo, mwambo wofanana ndi umene timachita pa chipilala cha asilikali kuno ku Zomba. Magulu a mbali inayo, UVF ndi UDA, ankapha Akatolika wamba pongoti ndi Akatolika.

Sindikunena kuti chipembedzo chinalibe mbali. M'busa Ian Paisley anatchuka ndi maulaliki onyoza Papa, ndipo mpaka lero ana ambiri amaphunzira m'sukulu zosiyana, moti mwana akhoza kukula osakhalapo pa desiki imodzi ndi mnzake wa mpingo wina. Koma Wolfe Tone, amene anatsogolera kuukira Britain mu 1798, anali Mpulotesitanti, ndipo Apresibateriya ambiri a ku Belfast anali naye. Pulezidenti woyamba wa Ireland, Douglas Hyde, analinso Mpulotesitanti. Kuno kwathu, maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo ya m'nyengo ya Lenti mu March 1992, ndipo wansembe wa ku Ireland, Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu, atathamangitsidwa m'dziko muno, a CCAP anagwirana nawo manja mpaka kunabadwa bungwe la PAC. Mipingo ndi yomweyo, ziphunzitso ndi zomwezo, koma kuno palibe mpingo umene unalandira munda wa unzake.

FUNSO: Ine ndimaphunzitsa mbiri yakale ku sekondale. Ana anandifunsa kuti, ngati Angerezi anachoka kuno mu 1964, akukanika chiyani kuchoka ku Ireland? Ndithandizeni yankho loona. Mayi mphunzitsi wa ku Domasi.

YANKHO: Mayi, ana anuwo afunsa funso limene Mmalawi aliyense angafunse, pakuti mtima wathu umathamangira kwa amene akufuna kuchotsa mbendera ya Britain. Tikukumbukira kuti Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinatikakamira mu 1953 popanda kutifunsa, ndiponso kuti lamulo lomanga anthu popanda mlandu la pa 3 March 1959 linachokera kuno ku Zomba, kumene kunali bwanamkubwa. Koma muwauze anawo kusiyana kwake. Bwanamkubwa ndi ma DC ake anali antchito a boma amene anali ndi kwawo kobwerera. Mlimi wa Chipulotesitanti wa ku Antrim, boma lina la Northern Ireland, alibe kwina kumene angapite, chifukwa makolo ake akhala pa nthaka imeneyo zaka 400, ndipo manda a agogo ake ali pomwepo. Iye akamati ndi wa Britain sakunama ayi, ndipo mu 1912 anthu pafupifupi theka la miliyoni anasaina chikalata chokana kulamulidwa kuchokera ku Dublin, kumene ankaopa kuti mpingo wa Katolika ndiwo udzakhala ndi mawu pa malamulo. Manthawo sanali opanda maziko, poti ku Republic kusudzulana kunali koletsedwa ndi malamulo aakulu a dziko mpaka riferendamu ya 1995.

Pangano la mtendere la Lachisanu Loyera, la pa 10 April 1998, limene zokambirana zake anatsogolera George Mitchell wa ku America, linavomereza zoona ziwiri zonsezi. Linanena kuti Northern Ireland idzakhalabe mu United Kingdom kufikira anthu ake ambiri atavotera kusintha, ndipo Britain inalonjeza kuti ikadzatero sidzakaniza. Linanenanso kuti munthu wobadwira kumeneko ali ndi ufulu wodzitcha Mwairishi, kapena wa Britain, kapena zonse ziwiri, n'kutenga pasipoti imene akufuna. Anthu 71 pa 100 aliwonse kumpoto ndi 94 pa 100 aliwonse ku Republic analivomereza pa riferendamu ya mu May chaka chomwecho, ndipo John Hume wa ma nationalist ndi David Trimble wa ma unionist analandira mphotho ya Nobel. Mtengo wake unali wowawa, chifukwa akaidi amene anapha anthu anamasulidwa msanga, amasiye akuona. Ine ndimaona kuti nzeru ya panganoli ili poti silinagamule kuti mwini dziko ndani, koma linagwirizanitsa adani pa njira yodzagamulira. Mu 2007 Paisley yemwe uja anakhala nduna yoyamba, kutanthauza mtsogoleri wa boma la Northern Ireland, wachiwiri wake n'kukhala Martin McGuinness, amene kale anali mtsogoleri mu IRA.

FUNSO: Ndawerenga kuti Akatolika tsopano achuluka kuposa Apulotesitanti. Kodi ndiye kuti Ireland igwirizana posachedwa? Wophunzira wa ku Chirunga.

YANKHO: Kalembera wa 2021 anapezadi kuti obadwira m'mabanja a Chikatolika ndi 45.7 peresenti, pamene a m'mabanja a Chipulotesitanti ndi 43.5 peresenti, koyamba chigawireni chilumbacho. Pa chisankho cha 2022 chipani cha ma nationalist cha Sinn Féin chinapeza mipando 27, cha ma unionist cha DUP 25, ndipo mu February 2024 Michelle O'Neill wa Sinn Féin anakhala nduna yoyamba, koyamba kuti udindowu upite ku mbali ya ma nationalist, ngakhale kuti wachiwiri wake wa DUP ali ndi mphamvu zofanana ndi zake, moti mmodzi akatula pansi udindo boma lonse limaima. Kutuluka kwa Britain mu European Union kunautsanso nkhaniyi, chifukwa anthu a ku Northern Ireland pafupifupi 56 peresenti anavotera kukhalamo mu 2016, ndipo pofuna kupewa kubwezeretsa zipata pa malire a pamtunda a makilomita pafupifupi 500, katundu wochokera ku Britain ndiye anayamba kuunikidwa pa madoko. Ma unionist anaona ngati adulidwa kwa abale awo, ndipo DUP inanyanyala boma kwa zaka ziwiri.

Koma musawerenge mavoti pa kaundula wa ubatizo. Alipo Akatolika amene amadzimva kuti ndi Aairishi koma safuna kutaya zipatala zaulere za NHS, ndipo chipani cha Alliance, chimene chimakana kuikidwa mbali iliyonse, chinapeza mipando 17 pa chisankho chomwe chija. Anthu apakatiwa ndiwo adzagamule. Lamulo limati nduna ya boma la Britain yoona za Northern Ireland iyenera kuitanitsa riferendamu ikaona kuti zikuoneka kuti ambiri angavotere kugwirizana, kuti anthu a ku Republic nawonso ayenera kuvomereza, ndipo kuti ikachitika payenera kupita zaka 7 ina isanachitike. Inu amene munabadwa riferendamu yathu ya pa 14 June 1993 itapita, funsani makolo anu za nyali ndi tambala, akuuzani kuti funso lathu linali lapafupi kuliyankha poyerekeza ndi ili. Ovota a ku Ireland adzafuna kudziwiratu kuti mbendera idzakhala iti, nyimbo ya fuko iti, penshoni adzalipira ndani, Nyumba ya Malamulo ya ku Stormont idzatsala kapena ayi, ndiponso ngati a Orange Order adzaloledwa kugubabe pa 12 July m'dziko lolamulidwa kuchokera ku Dublin.