Florida State inagwa bwanji mu 2024?

Achimwene ena anditumizira imelo, akuti angoyamba kutsatira mpira wachimereka wa m'makoleji ndiye akufunsa kuti zinatheka bwanji Florida State kuwina magemu 13 motsatizana mu 2023 kenako chaka chotsatira nkuwina awiri okha, komanso ngati inatsitsidwa ligi.

Achimwene, za kutsitsidwa kulibe kumeneko, timuyi ikadali mu ligi yake ya ACC momwemo. Chilango chake nchoti ukapanda kufikitsa mawini 6 kawirikawiri supita ku magemu a bowl, magemu apadera oseweredwa sizoni ikatha, Disembala umaonera anzako pa TV.

Koma vuto ine ndimaliona kuti linayamba kale, Novembala 2023 pomwe quarterback wawo (wosewera amene amatsogolera timu ndi kuponya mapasi) Jordan Travis anathyoka mwendo pa gemu ya North Alabama. Anyamata analimbabe nkutenga chikho cha ACC koma komiti yosankha matimu inawasiya kunja kwa playoff, magemu olimbirana ukatswiri wa dziko lonse, ngakhale anali asanaluze olo kamodzi, zinandipweteka kwambiri zimenezija mpaka pano. Osewera ambiri anakana kusewera gemu yawo ya bowl, Orange Bowl, ndipo Georgia inawaswa 63-3. Kenako osewera 10 anatengedwa ku NFL, ligi yaikulu ya akatswiri olipidwa, akina Jared Verse, Keon Coleman ndi Trey Benson. Apa ndi pofunika kumvetsa, timu ya koleji simakhalitsa, mwana akamaliza zaka zake kapena akaitanidwa ku NFL basi wapita, kochi amayambanso kumanga.

Kochi wamkulu Mike Norvell anadalira kutenga osewera ochokera m'makoleji ena, njira yomwe inamuthandiza m'mbuyomu, nde anabweretsa quarterback DJ Uiagalelei kuchokera ku Oregon State. Ulendo uno sizinagwirane, omutchingira kutsogolo aja ankalowedwa mosavuta, kuthamanga ndi mpira kunakanika, mapointi osabwera. Anayamba sizoni ali nambala 10 m'dziko lonse, gemu yoyamba ku Dublin Georgia Tech inawapweteka 24-21 ndi kiki ya sekondi yomaliza, kenako Boston College, kenako Memphis pabwalo la Florida State pomwe ku Tallahassee, timu yomwe Norvell ankaphunzitsa kale. Anangowina California 14-9 ndi Charleston Southern basi. Notre Dame itawakwapula 52-3 Norvell anachotsa makochi atatu omuthandiza kuphatikiza Adam Fuller ndi Alex Atkins, sizoni nkutha 2-10.

Ine anyamatawo sindiwada ayi, ambiri ndi ana a zaka 19, 20 omwe m'mawa amayenera kulowa m'kalasi dziko lonse likuwanena. Mlandu ndimaupereka kwa akuluakulu omwe anaganiza kuti anthu ongokumana Januwale angalowe m'malo mwa timu yomwe inatenga zaka kuti imvane.