Funsani Tikuyankheni: Pulani Ikasintha, Malamulo a Khonsolo Amatani?

Ndili ndi chigayo pakati pa nyumba za anthu kuno ku Kasungu, ndipo layisensi ndimalipira chaka ndi chaka. Anzanga akuti pulani yatsopano ya tawuni ikadzati dera lathu ndi la nyumba zokhazokha, chigayo changa chidzatsekedwa tsiku lomwelo. Ndi zoona? — Mayi wa chigayo, Kasungu

Mayi, mtima ukhale pansi, koma mapepala anu muwasunge bwino. Pulani ndi malamulo ang'onoang'ono a khonsolo, amene ambiri amangoti ma by-law, ndi zinthu ziwiri zosiyana. Pulani imachokera ku lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act la 1988. Ntchito yake ndi kugawa malo: apa nyumba, apa msika, apa mafakitale, apa manda, dambo ili pasamangidwe kanthu. Ma by-law amachokera ku Local Government Act ya 1998, ndipo ndiwo amanena za malayisensi, msonkho wa pamsika, zinyalala, ziweto m'tawuni, phokoso ndi chindapusa cha wolakwa. Pulani ikavomerezedwa, ma by-law akale safa okha. Amagwirabe ntchito kufikira khonsolo itawasintha mwa ndondomeko yake.

Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi ichi: layisensi ya bizinesi si chilolezo chomangira. Lisiti imene mumalandira chaka ndi chaka ikuonetsa kuti munaloledwa kuchita malonda, koma siikunena kuti komiti yoona za mapulani inavomereza kuti pa puloti imeneyo pakhale chigayo. Fufuzani m'chikwama chanu ngati muli ndi pulani ya nyumba ya chigayocho yodindidwa chidindo cha khonsolo, ndi kalata yololeza ntchitoyo pamalopo. Ngati zilipo, muli pabwino, chifukwa munthu amene anamanga movomerezeka sachotsedwa ngati nkhuku pa dzira. Gawo 44 la malamulo aakulu a dziko lino limati katundu wa munthu satengedwa popanda chifukwa chokomera anthu onse, chidziwitso chokwanira ndi chipepeso choyenera, ndipo gawo 43 limakupatsani ufulu wouzidwa zifukwa polemba. Ngati mapepalawo palibe, pitani ku ofesi ya mapulani mukapemphe chilolezo pulani isanamalizidwe. Ikadzavomerezedwa dera lanu litalembedwa la nyumba zokha, pempho lanu lidzayesedwa ndi pulani yatsopanoyo, ndipo kukuza chigayo kapena kuonjeza injini yachiwiri kudzakhala kovuta.

Mukadzalandira kalata yoti muleke ntchito kapena mugumule, musaibise pansi pa mphasa. Imakhala ndi masiku owerengeka ochitira apilo, ndipo akatha, mlandu wanu umalemera.

Ndine khansala watsopano m'dera lina m'boma la Kasungu. Kodi tingayambire pati kuti malamulo athu agwirizane ndi pulani? Ena akuti tikangokweza manja pa msonkhano wa khonsolo yonse basi zatheka. — Khansala, Kasungu

A khansala, kukweza manja ndi sitepe imodzi chabe, ndipo si yomaliza. Dziwaninso kuti Kasungu ili ndi makhonsolo awiri, ya tawuni ndi ya boma lonse, ndipo malamulo a iliyonse amathera m'malire mwake. Lamulo la msika wa pa tawuni silingagwire ntchito pa Chinkhoma, pa Santhe kapena pa Nkhamenya.

Yambani ndi ntchito yotopetsa imene ambiri amaithawa. Pemphani akuluakulu a ku ofesi akubweretsereni ma by-law onse amene anatuluka m'Gazeti ya boma, osati amene amangonenedwa pakamwa. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala, ndipo m'makhonsolo ambiri ntchito yokonzanso malamulo inaima, kotero musadabwe kupeza lamulo lotchula malire akale kapena chindapusa chimene lero sichigula ngakhale mpukutu wa buledi. Kenako yalani mapu a pulani patebulo, lamulo lililonse muliwerenge ndime ndi ndime, mukufunsa: ndime iyi ikugwirizana ndi mapu, ikutsutsana nawo, kapena mapu abweretsa chinthu chimene lamulo silikuchitchula n'komwe? Mwachitsanzo, pulani ikasamutsa depoti ya minibasi koma lamulo likutchulabe malo akale, woyendetsa amene mwamulipitsa chindapusa akhoza kukupambanani kukhoti. Pulani ikaika malo otayirako zinyalala koma lamulo osanena wotolera, masiku otolera ndi mtengo wake, malowo adzamera udzu zinyalala zili mbwee mumsika.

Samalani kuti musalembe m'ma by-law zimene lamulo la Nyumba ya Malamulo linanena kale mosiyana. Lamulo laling'ono likatsutsana ndi lalikulu, laling'onolo ndilo limagwa. Chimodzimodzi chindapusa: chili ndi malire ake m'lamulo lalikulu, simungangotchula ndalama chifukwa mwapsa mtima ndi ogulitsa m'misewu.

Zolembazo zikakonzedwa ndi komiti yoyenera, zitengereni kwa anthu kudzera m'makomiti a chitukuko a m'midzi (VDC) ndi a m'madera a mafumu aakulu (ADC), kwa mafumu, makomiti a misika, akabaza ndi eni zigayo. Ife timalimbikira kuti ziwerengedwe m'Chichewa, ndi m'Chitumbuka kumpoto kwa bomali, mapu atapachikidwa pakhoma kuti munthu aloze ndi chala pamene pali puloti yake. Msonkhano wa mu holo wa anthu ovala mataye okhaokha umabala lamulo limene limakanidwa tsiku loyamba. Mukatero ndiye khonsolo yonse ivote. Ovota ndi makhansala. Mafumu amakhalapo ndi kulankhula koma savota. Onetsetsani kuti chiwerengero chinakwana ndipo maminitsi alembedwa bwino, chifukwa pamenepa ndi pamene maloya amayambira kufufuza. Khonsolo iyenera kulengeza ndi kuika kope pa ofesi kuti aliyense awerenge ndi kupereka dandaulo lake, kenako zipite kwa nduna ya maboma ang'onoang'ono kuti ivomereze. Akatswiri a ku unduna wa zamalamulo amaunikanso kalembedwe kake zisanasindikizidwe m'Gazeti. Apa ndi pamene mafayilo amagona miyezi, choncho sankhani munthu mmodzi woti aziwalondola, ndipo ndalama ya misonkhano ndi yosindikizira muiike mu bajeti kuyambira pachiyambi. Musatolere tambala ndi imodzi yomwe pa mitengo yatsopano Gazeti isanatuluke.

Golosale yanga ili m'mbali mwa msewu wa M1. Amfumu ndiwo anandipatsa malowo. Khonsolo ikasintha malamulo ingandilole kukhalabe? — Bambo wa golosale, Chatoloma

Bambo, tengani tepi muyeze kuchokera pakati penipeni pa msewu kufika pa khoma lanu. Pa misewu ikuluikulu ngati M1, mamita 30 mbali iliyonse ndi malo a msewu, ndipo zimenezi zili m'lamulo la misewu, osati m'ma by-law. Khonsolo ilibe mphamvu yochepetsa mamitawo, amfumunso alibe mphamvu yogawa malo amenewo. Ngati khoma lili mkati, musathirenso simenti pamenepo. Ndalamayo isungireni kumangira kumbuyo.

Ngati muli kunja kwa mamita 30, chilolezo chomangira chikufunikabe. Lamulo la 2016 linafikitsa nkhani ya mapulani m'dziko lonse, osati m'matawuni mokha monga kale, choncho kalata ya amfumu ipite limodzi ndi pulani ya golosaleyo ku ofesi ya khonsolo ya boma.