Kodi fungo lingatiuze kuti mtedza wachita chuku?

FUNSO: Ndimagula mtedza kwa alimi a ku Bwanje n'kuusunga m'matumba podikira kuti mitengo ikwere. Apongozi anga amati amadziwa mtedza wowonongeka pongonunkhiza thumba, ndipo mwana wanga akuti kunja kuli makina ogwira ntchito yomweyo. Kodi mtedza womwe sukununkha ndi wabwino kudya? Mayi wa ku Nsipe, Ntcheu.

YANKHO: Mayi, apongozi anu sakunama. Chuku chomwe chimavuta kwambiri pa mtedza ndi cha mtundu wa Aspergillus flavus, ndipo chikamadya njere chimatulutsa mipweya yopepuka imene imadzaza m'thumba ngakhale nthawi imene maso sanayambe kuona ufa wobiriwira pa mtedzawo. Umodzi mwa mipweyayi ndi 1-octen-3-ol, womwenso umapatsa bowa fungo lake, n'chifukwa chake thumba loyamba kuwonongeka limamveka kafungo ka chinyontho mukangolimasula.

Makina amene mwana wanu akunena amatchedwa mphuno yamagetsi. Amakoka mpweya wa m'thumba n'kuudutsitsa pa tizipangizo tomwe timasintha mphamvu ya magetsi tikakhudzana ndi mipweyayo, kenako kompyuta imayerekeza zotsatirazo ndi za mtedza wabwino. Ubwino wake ndi wakuti amazindikira chuku msanga kuposa munthu, komanso safuna kuti mtedza usinjidwe kaye. Komabe ambiri mwa makinawa akadali m'manja mwa ochita kafukufuku, choncho musayembekezere kuwapeza pa msika wa Lizulu posachedwa.

Apa ndiye pofunika kumvetsetsa bwino: chomwe chimanunkha ndi chukucho, koma poizoni amene chimasiya m'njere, wotchedwa aflatoksini, alibe fungo. Mtedza ukhoza kunyowa m'munda, chuku n'kumera, kenako n'kuumanso padzuwa mpaka fungo lonse kutha, koma poizoniyo amatsala momwemo, ndipo kukazinga kapena kuphika sikumuchotsa yense. Poizoniyu adadziwika m'chaka cha 1960 pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zidafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil. Mwa anthu amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, ndipo mayiko a European Union salola mtedza wodya anthu wokhala ndi aflatoksini woposa mamayikirogalamu 4 pa kilogalamu imodzi (mayikirogalamu ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu), mlingo umene mphuno ya munthu aliyense singaupime. Motero thumba lonunkha lichotseni ndithu, koma losanunkha musalipatse chilolezo chifukwa cha mphuno yokha. Ngati mukugulitsa wambiri, kapimitseni ku Malawi Bureau of Standards.

Pogula, kanani mtedza umene wawazidwa madzi kuti ufewe poswa, chizolowezi chomwe ndimachiona kuti n'choipa kuposa zonse chifukwa chimabwezera chinyontho m'njere zomwe zidauma kale. Sungani wosaswa, wouma moti njere zikulira mukagwedeza, ndipo matumba akhale pa matabwa, osatsamira khoma.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi mtedza wotsala posankha. Ambiri amagulitsa wabwino, ndipo wofota, wosweka ndi wakuda amausinja kukhala nsinjiro zotendera ndiwo kapena zothira m'phala la ana, chonsecho ndi m'njere zimenezo momwe poizoni amachulukira. Zimenezo musadye, ndipo musapatse ng'ombe zamkaka, pakuti poizoniyo amadutsa mpaka mu mkaka.