T.J. Simers: timulire kapena timudzudzule?

Mmodzi wa owerenga wanditumizira imelo. Akuti T.J. Simers, mtolankhani wa zamasewera wa ku America, atamwalira mu June 2024, ena anamulira pomwe ena anakumbutsa za mwano wake. Funso lawo ndi lakuti, kodi si kupanda ulemu kunena zoipa za munthu amene wagona kale?

Achimwene, pa Simers ine ndikuona kuti kumuyamikira kokhakokha n'kumene kungakhale kumunamizira. Mkuluyu, yemwe anamwalira ali ndi zaka 73 atadwala chotupa cha mu ubongo, ankalemba ndemanga zamasewera mu nyuzipepala ya Los Angeles Times mpaka 2013, ndipo ntchito yake yeniyeni inali kuputa anthu. Timu ya baseball ya Dodgers ikagonja pomwe zafika povuta, ankaitcha agalu. Mwini wake wa timuyo panthawiyo, Frank McCourt, yemwe chuma chake chinachokera ku malo oimikapo magalimoto ku Boston, ankamutcha mlonda wa magalimoto. Apa ndiye ndimamuombera m'manja, chifukwa wolemera ngati McCourt ndi ochepa amene amalimba mtima kumuseka.

Koma lilime lomwelo linkagweranso osewera wamba amene analibe nyuzipepala yoyankhirapo, ndipo nthawi zina sinalinso nthabwala, inali nkhanza basi. Amene anapwetekedwa ali moyo, sitingawauze kuti aiwale poti mwini mawu wapita.

Chimene ambiri omuda amavomereza n'chakuti sankalasa ali pobisala. Ankalowa yekha m'chipinda chosinthira zovala, n'kumufunsa wosewerayo maso ndi maso funso lomwe anzake ankaliopa, kenako n'kulemba yankho lake, ngakhale litakhala chitonzo kwa iye mwini. Olemba ndemanga ambiri lero amangotukwana pa intaneti, munthu amene akumunyozayo sanakumanepo naye.

Ndipo munthu yemweyo mu 2008 anakhazika pamodzi John Wooden, mphunzitsi wotchuka wa basketball, ndi Vin Scully, muulutsi wa masewera a Dodgers, n'kucheza nawo pamaso pa khamu pofuna kupeza ndalama zothandizira ana odwala.

Ngakhale abwana ake sanawasiye. Atachoka ku Los Angeles Times anaisumira nyuzipepalayo kuti inamusala chifukwa cha ukalamba ndi matenda. Mu 2015 khoti linamupatsa madola 7.1 miliyoni, woweruza anadzafafaniza ndalamazo, ndipo mlanduwo unakokana kwa zaka zingapo. Munthu wotere mukamulembera mawu okoma okhaokha, achimwene, owerenga ake sangamuzindikire n'komwe.