Akuti andiika pa nambala wani pa Google, kodi ndilipire?

Funso: Ndili ndi malo ogona alendo a zipinda zisanu ndi chimodzi kufupi ndi Monkey Bay. Alendo ambiri amandipeza kudzera pa Booking.com, ndipo kampaniyi imatengapo gawo lake pa mlendo aliyense. Mnyamata wina wodziwa za makompyuta akuti ndikamamupatsa K150,000 mwezi uliwonse andiika pa nambala wani pa Google. Koma mwana wa achemwali anga akuti ndisataye ndalama, Google yayamba kutha, anthu masiku ano akufunsa ChatGPT, makina oyankha mafunso pa intaneti. Nditsate ziti? Ndine mayi wa ku Monkey Bay.

Yankho: Amayi, ndalamayo musatulutse. Koma za mwana wa achemwali anuyo musamezenso zonse.

Palibe munthu amene angalonjeze nambala wani pa Google. Eni ake a Google amanena zimenezi poyera pa malangizo awo, ndipo amachenjeza za anthu olonjeza zotere. Zimene munthu amaona akasaka zimatengera mawu amene walemba, malo amene waima, ngakhale foni imene wagwira. Mzungu amene ali ku London akalemba "Lake Malawi lodge" saona zofanana ndi zimene akuona bambo wa ku Blantyre amene waima pa mlatho wa Bakili Muluzi n'kulemba "lodge near me". Ndiye mnyamatayo mumufunse: nambala wani pa mawu ati, kwa munthu amene ali kuti? Ena amachita chonchi: amalemba dzina lenileni la loji yanu, n'kukuonetsani kuti mwatulukira pamwamba. Pamenepo mukanatulukira ngakhale opanda iwo, pakuti dzinalo ndi lanu nokha. Amene mukumufuna inu ndi mlendo amene sanamvepo za dzina lanu.

Pa bizinesi ya malo ngati yanuyi, Google imati imayang'ana zinthu zitatu: ngati zimene mumagulitsa zikugwirizana ndi zimene munthu akusaka, kutalika kwa mtunda, ndi kutchuka kwanu. Mtunda simungausinthe. Zinazo zili m'manja mwanu, ndipo poyambira pake ndi paulere, pa Google Business Profile, polembetsera bizinesi kuti izioneka pa Google ndi pa mapu ake. Mulembetse ndi imelo yanu, osati ya wantchito kapena ya mnyamatayo, chifukwa mukadzayambana adzapita nazo ndemanga zonse za alendo anu. Nthawi zambiri amafuna kuti mujambule kavidiyo koonetsa chikwangwani ndi malo anu kuti atsimikize kuti bizinesiyo ilipodi. Kenaka onetsetsani kuti kachizindikiro ka pa mapu kaima pa geti panu penipeni. Kakalakwika, mlendo wofika usiku adzakhotera msewu wa ku Cape Maclear pamene inu muli mbali ina, ndipo adzagona kumene wafikako. Ikani zithunzi zenizeni, bafa lomwe, osati za dzuwa likulowa zokhazokha. Lembani ngati muli ndi sola magetsi akazima, ngati mumalandira Airtel Money ndi Mpamba, ngati galimoto yaing'ono imafika nyengo ya dzinja.

Kutchuka kumachokera kwa anthu ena. Pamene Larry Page ndi Sergey Brin ankayambitsa Google mu 1998, nzeru yawo yaikulu inali kuwerenga kuti ndi masamba angati, komanso odalirika bwanji, amene akulozera ku tsamba lina. Lero njira zowerengera zachuluka, koma mfundoyo ikadalipo. Kampani yoyendetsa alendo ikakutchulani pa tsamba lake, kapena mlendo akalemba za inu atabwerera kwawo, zimakukwezani. Ndemanga nazonso. Mlendo akamalipira, akuyamikira chambo chimene wadya, pomwepo mpempheni alembe, asanakwere galimoto. Zogula ndemanga zabodza musayese, Google imazichotsa ndipo imatha kutseka mbiri yonse ya bizinesi.

Tsopano za kutha kwa Google. Sinathe. Pa anthu khumi osaka zinthu pa intaneti padziko lonse, pafupifupi asanu ndi anayi amadzera pa Google. Bing ya Microsoft, imene inayamba mu 2009, ili kutali kumbuyo. Mayiko ochepa okha ndi amene ali ndi zawozawo zamphamvu: Baidu ku China, Yandex ku Russia, Naver ku South Korea. Ndipo si kuti Google inafika apa chifukwa cha luso lokha. Mu Ogasiti 2024, woweruza Amit Mehta wa ku America anagamula kuti kampaniyi inaphwanya malamulo a mpikisano pofuna kusunga msika wonse. Pa mlanduwo panaululika kuti mu 2021 mokha Google inalipira madola 26.3 biliyoni kwa makampani opanga mafoni ndi mapulogalamu kuti munthu akangotsegula foni apeze Google ili kale pamalo osakira. Apple yokha inalandira madola pafupifupi 20 biliyoni mu 2022. Ifenso kuno, ndani anasankhapo Google pa Tecno kapena Itel yake? Tinaipeza momwemo. Mu Seputembala 2025 woweruza yemweyo sanalamule kuti Google igulitse Chrome, pulogalamu yake yotsegulira masamba a pa intaneti, monga boma la America linkafunira, koma analetsa mapangano otsekera ena kunja ndipo anati igawireko opikisana nawo zina mwa zimene inasonkhanitsa. Ku Ulaya anali atailipiritsa kale mayuro 2.42 biliyoni mu 2017 chifukwa chokweza tsamba lake la malonda pamwamba pa a ena.

Mwina mukuti, za ku America ndi ku Ulaya zikundikhudza bwanji ine wa ku Monkey Bay? Taganizirani depoti ya ku Mangochi itakhala ndi woitanira mmodzi yekha. Iyeyo ndiye anganene minibasi yodzaza msanga, ndipo mtengo wa kuitanirako angaukweze mmene wafunira, dalaivala osadandaula chifukwa kulibe kwina kopita. Pa Google, malo oyamba a tsamba amagulitsidwa kwa otsatsa malonda, ndipo pa nkhani ya malo ogona amene amawagula kwambiri ndi makampani aakulu osungitsira zipinda. Ndalama zogulira malowo zimachokera ku komishoni imene amadula kwa inu ndi anzanu. Kotero mlendo amasaka pa Google, n'kugwera pa Booking.com, n'kufika kwa inu, anthu awiri atadyapo kale. Bungwe loona za mpikisano ku South Africa linafufuza zimenezi, ndipo mu lipoti lake la mu 2023 linapeza kuti kayalidwe ka zotsatira za Google kamakomera makampani aakulu. Linauzanso Booking.com kuti ichotse lamulo loletsa mahotela a m'dzikomo kuika mtengo wotsika kwina. Chigamulocho ndi cha ku South Africa, choncho inu werengani pangano lanu muone zimene likunena pa mitengo. Kuno tili ndi Competition and Fair Trading Commission, ndipo bungwe la mpikisano la COMESA likulu lake lili ku Lilongwe komweku, koma ine sindingakulangizeni kudikira milandu. Imatenga zaka, pamene malipiro a antchito ndi a mwezi ndi mwezi.

Mwana wa achemwali anu akunena zoona pa mbali imodzi: makomo olowera akuchuluka. ChatGPT inatuluka mu 2022, ndipo kuyambira mu Okutobala 2024 imasakanso pa intaneti poyankha. Google nayo, poona mpikisano, inayamba mu 2024 kuika yankho lolembedwa ndi makina pamwamba pa zotsatira. Kwa wosaka zimenezi ndi zabwino, safunikanso kutsegula masamba khumi. Kwa inu pali chiopsezo, chifukwa makinawa amatchula malo ochepa chabe, ndipo amatola zimene zinalembedwa kale pa intaneti. Ngati za inu sizinalembedwe paliponse, sakutchulani. Ngati tsamba lina lili ndi mtengo wanu wa kwacha isanagwe mu Novembala 2023, akhoza kuuza mlendo mtengo umenewo, mkangano n'kudzabuka pa kauntala. Ntchito yake ndi yomweyija: dzina limodzi, nambala ya foni imodzi, mitengo yatsopano, paliponse pamene mwalembedwa.

Ndiye gogodani makomo onse aulere. Bing Places, polembetsera mabizinesi pa Bing, imalola kukopera zimene munalemba kale pa Google, ndipo DuckDuckGo, posakira pena, imatenga zotsatira zake zambiri ku Bing. Apple nayo ili ndi polembetsera mabizinesi pa mapu ake, pothandiza alendo a ma iPhone. Musaiwale OpenStreetMap, mapu amene aliyense amatha kuwonjezerapo malo, chifukwa ndi amene amagwiritsidwa ntchito pa Maps.me ndi Organic Maps. Azungu a zikwama kumsana amene amatsika Ilala pa Monkey Bay opanda bandulo amakonda mapu oterewa poti amagwira popanda netiweki. Zonsezi ndi ntchito ya masiku ochepa.

Tiwerengeko ndalama. K150,000 pa mwezi ndi K1,800,000 pa chaka. Tiyerekeze chipinda chanu ndi K60,000 usiku umodzi ndipo komishoni ndi 15 pa 100 iliyonse, ndiye kuti K9,000. Kuti ndalama ya mnyamatayo ingobwerera, pafunika mausiku 17 mwezi uliwonse amene akanadzera pa Booking.com koma abwera mwachindunji. Mu Disembala mwina zingatheke. Nanga mu Febuluwale? Ngati mnyamatayo alidi ndi luso, mpatseni ntchito yooneka, yolipira kamodzi: ajambule zithunzi, akonze katsamba kopepuka kotseguka msanga pa foni, kokhala ndi batani la WhatsApp, akulembetseni m'malo ndatchulawa, mapasiwedi onse akhale ndi inu. Zotsatsa malonda zolipira muzisiye kaye, zimafuna khadi la banki ndi ndalama zakunja, zomwe mukudziwa mmene zikuvutira. Ndipo mlendo aliyense wobwera, mupemphe nambala kapena imelo yake mwaulemu, kuti ulendo wachiwiri adzakuimbireni inuyo.

Funso: Ndimagulitsa usipa wouma ndi utaka kwa anthu opikula a ku Limbe ndi ku Lilongwe. Kodi nanenso ndikufunika tsamba la pa intaneti kuti anthu azindipeza pa Google? Ndine bambo wa pa boma, Mangochi.

Yankho: Ayi achimwene, pakadali pano simukufunika. Wopikula usipa salowa pa Google, amafunsa m'magulu a Facebook ndi WhatsApp, ndipo pa Facebook pali posakira pakepake. Ikani WhatsApp Business, ndi yaulere, muikemo zithunzi ndi mitengo. Polemba pa Facebook musangoponya chithunzi ndi mawu oti "wafika", chifukwa munthu wosaka amalemba dzina la nsomba ndi malo. Lembani mawu enieni: usipa wouma, Mangochi, mtengo wa chigoba, tsiku, ndi basi imene mumatumizira. Tsikulo n'lofunika chifukwa mtengo wa usipa umasintha ndi kuwala kwa mwezi komanso mwera, ndipo wina adzapeza uthenga wanu wakale n'kumakakamira mtengo umenewo. Wogula wachilendo atumize kaye theka la ndalama, ndipo mutsimikize pa akaunti yanu kuti yalowadi thumba lisanakwere basi.