Nkhanu za mu mtsinje ndi poizoni wa zitsulo

Bambo wina wafunsa chifukwa chimene nkhanu zikuchepera mu mtsinje umene amatungamo madzi othirira mbewu. Akuti zina akumazipeza zofooka, chigoba chili chofewa, ndipo kumtunda kuli mgodi.

Bambo, nkhanu zikafa zambiri tsiku limodzi, kawirikawiri amakhala mankhwala ophera tizilombo kapena kuchepa kwa mpweya m'madzi. Koma zimene mukufotokozazi zikufanana ndi poizoni wa zitsulo monga cadmium, mtovu, mercury ndi kopa, amene amapha pang'onopang'ono. Zitsulozi zimachokera ku migodi, mafakitale, mabatire otayidwa, ngakhalenso mankhwala a kopa amene timapopera mbewu. Siziwola. Zimakadikha m'matope, ndipo nkhanu imakhala m'matope momwemo, n'kumadya zowolerana za pansi. Poizoniyo amawononga ziwalo zake zopumira, wina n'kumaunjikana m'chiwalo chofewa cha mkati mwa chigoba chimene chimagwira ntchito ngati chiwindi. Cadmium amasokonezanso calcium, mchere umene umalimbitsa chigoba, motero nkhanu ikafundula, chigoba chatsopano chimavuta kulimba. Kopa wochepa imamufuna ndithu, chifukwa ndiye amanyamula mpweya m'magazi ake, koma akachuluka amaipha.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi nkhanu zimene sizinafe. Zimaoneka zabwinobwino pomwe zasenza poizoni wa miyezi yambiri.

Apa ndiyankhenso mayi amene afunsa ngati kuziphika kwa nthawi yaitali kungathandize. Ayi, mayi. Moto umapha tizilombo toyambitsa matenda koma suchotsa chitsulo. Cadmium amawononga impso ndi mafupa, mtovu umasokoneza ubongo wa ana. Ku Minamata, m'dziko la Japan, matenda amene anadziwika mu 1956 anagwira anthu odya nsomba ndi zamoyo zina za m'nyanja imene fakitale inkatayiramo mercury. Musadye nkhanu za mu mtsinje wa pafupi ndi mgodi uja, makamaka ana ndi amayi oyembekezera.

Kaoneni a zachilengedwe kuti ayeze ku labotale, ndipo muumirire kuti atenge matope, osati madzi okha, pakuti madzi angaoneke oyera pomwe pansi pali poipa. Podikira zotsatira, musathire matope a mu mtsinjewo m'munda ngati manyowa, chifukwa mpunga ndi mbewu zamasamba zimayamwa cadmium mosavuta. Sipuleya muzitsukira kutali ndi mtsinje, ndipo mabatire akutha asamatayidwe m'ngalande.