Makyubu atuluka 19, anzanga akuti tilembe 26

Yandipeza imelo ya mnyamata wakwathu wa ku Mufakose ku Harare, ali chaka chachiwiri pa civil engineering. Nkhani yake ndi ya makyubu, timabuloko ta konkire tomwe amaumba n'kutiswa ndi makina kuti ayeze mphamvu ya konkireyo, muyeso wake ndi MPa. Akuti: "Amalume, gulu lathu tinaumba makyubu a konkire mu labu, amafunika afike 25 MPa pa masiku 28 koma atuluka 19. Anzanga akuti tingotenga manambala a lipoti la gulu la chaka chatha, iwo anapeza 26. Komanso wina sanabwere tsiku loumba, akuti timuike dzina mu register. Ndi kubera mayeso kumeneku? Sikuti pali munthu tikumulanda kanthu."

Mphwanga, lemba 19. Ndipo ndikuuze, 19 ameneyo ali ndi malikisi ambiri kuposa 26 wobwereka, bola udziwe chochita naye.

Ana ambiri amaganiza kuti lekichala akufuna aone nambala ya m'buku. Nambalayo ali nayo kale, sanakutumeni kuti mukamufunire. Chomwe akufuna kuona n'chakuti konkire ikakanika mumatha kuloza chomwe chavuta? Ndiye apa mwaipeza nkhani yolemba eni akenu. Yambani ndi madzi, chifukwa konkire yofooka nthawi zambiri ndi madzi ochuluka, wina anaona kuti yauma ikuvuta kusakaniza n'kuthirako pang'ono osayeza, kapena mchenga unali wonyowa kale inu osachotsera madziwo pa masamu anu, slump (muyeso wa mmene konkire yaiwisi imatsikira mukachotsa chikombole) munaipeza bwanji? Ngati inatsika kwambiri umboni ndi umenewo. Kenako kutsendera. Kyubu ya 150 mm imadzazidwa magawo atatu, gawo lililonse kulisinja ndi chitsulo kosachepera ka 35, ukachita ulesi mumatsala timabowo ta mpweya, ndipo mpweya wa 1 peresenti yokha umadya mphamvu pafupifupi 5 peresenti. Munawayeza pa sikelo musanawaswe? Kyubu yabwino imalemera cha m'ma 8.1 kg, ikapepuka kwambiri ndiye kuti mkati muli mphako.

Pali nkhani ya madzi ovikamo, amayenera kukhala cha pa 20 digiri. Ngati munaumba mu June kapena July, iwe ukuidziwa Harare mmene imazizirira m'mawa, magetsi akathima hita ya mu thanki osagwira, simenti imakhwima pang'onopang'ono. China anthu amaiwala, kyubu saiyika mu makina oswera mbali yomwe munasalaza ndi thirawo ikuyang'ana m'mwamba, imapanidwa mbali zosalala zomwe zinagunda chikombole. Zonsezi ukazilemba bwino, n'kufananitsa ndi zomwe munapeza pa masiku 7 (zimakhala cha pa magawo awiri mwa atatu a mphamvu ya masiku 28), lipoti lako lakwana. Pita kwa a tekinishani ukawafunse zomwe anaona tsiku lija, safunsa anadya phula, anthu amenewa aswa makyubu ambiri kuposa ma dokotala a mu ofesi, koma ana a sukulu amawadutsa ngati osesa.

Tsopano za 26 uja. Kumeneko ndi kupeka data, ndipo ku ma yunivesite mlanduwu amauona ngati waukulu. Kugwidwa kwake n'kosavutanso. Makina amayeza ma kN (mphamvu yomwe apanira nayo kyubu, ukaigawa ndi kukula kwa nkhope ya kyubu ndiye umapeza MPa), nkhope ya kyubu ndi 22,500 mm², ndiye 19 wanuyo anali cha pa 427 kN pomwe 26 amafuna 585 kN. Ngati pepala la tsiku lija linasainidwa kapena a tekinishani analemba m'buku lawo, 585 mukati munamutenga kuti? Ndiye uyenera kunamanso kulemera kwa kyubu, kunama slump, kunama za masiku 7, ndipo pena pake sizigwirizana basi. Ma lipoti akale nawo sataya, ndipo komwe amagwiritsa Turnitin, pulogalamu yogwira zokopera, ziganizo za chaka chatha zimatuluka zofiira. Chilango chimasiyana malo ndi malo, kuyambira ziro pa labuyo, kulephera kosi yonse, mpaka komiti ya mwambo n'kuimitsidwa sukulu, werenga course outline yanu ndi malamulo a ophunzira. Taganiza fizi yomwe makolo akuisaka mu madola, semesita n'kupita chifukwa cha ma MPa 7.

Zoti palibe amene mukumulanda, mmm. Kuyeza makyubu komweku ndi kumene kumachitika pa sayiti yomanga. Kontilakita akathira silabu, makyubu amapita ku labu, ndipo injiniya amaona nambalazo asanalole kuti agwetse mitengo yochirikiza kapena apitirize nsanjika yachiwiri. Tsiku lina kontilakita adzabwera ndi mawu omwewa a anzakowa, "bwana ingokonzani pang'ono", ali ndi kanvulopu, iwe utalembetsa ku Engineering Council of Zimbabwe siginecha yako ili ndi mtengo. Amene anazolowera ali chaka chachiwiri sachedwa kuvomera.

Kugawana n'kololedwa mpaka pati? Ma data a gulu ndi a nonse, tumiziranani pa WhatsApp palibe vuto, kambiranani. Koma ngati lipoti ndi la aliyense payekha, masamu, ma grafu ndi kufotokoza zikhale zako, fayilo yako ya Word osamupatsa munthu, akakopera nonse awiri mumaitanidwa. ChatGPT funsa lekichala kaye, ena amalola pokonza chizungu ena ayi, koma osaiuza ikupangire manambala.

Mnzanu wojomba uja musamusainire. Register ya labu imagwiranso ntchito ya chitetezo, ikunena kuti munthuyu analipo, anamva malangizo, anavala buti ndi magalasi. Ngati anadwala kapena kunali maliro apite ndi kalata kwa lekichala apemphe kulowa ndi gulu lina. Anzako akakakamira 26, auze poyera kuti iwe ukupereka 19, aone okha ngati angafune kuti gulu limodzi lipereke manambala awiri osiyana.